Gadiyani wosankhidwa ndi khoti: zimene anaona anthu a mtundu wa Osage

Kwathu kuno ukamva mawu akuti gadiyani, m'maso mumabwera mayi amene wayala chitenje pansi pa bedi m'wodi, kapena amene akukoleza moto kukhitchini ya chipatala kuti wodwala wake amwe phala. Gadiyani wathu salipidwa. Amasiya munda pa nthawi yopalira, amagona ndi udzudzu, ndipo wodwala akatulutsidwa amanyamula ndowa ndi mapoto n'kubwerera kumudzi. Ine ndinakula ndikudziwa gadiyani ameneyu yekha. Ndi chaka chatha chomwechi pamene ndinadziwa kuti m'malamulo a mayiko ambiri dzina lomweli limaperekedwanso kwa munthu wina, amene khoti lamupatsa mphamvu pa ndalama ndi katundu wa munthu wamkulu yemwe waweruzidwa kuti sangathe kudziyendetsera yekha zinthu. Nthawi zina mphamvuyo imafika mpaka posankha kumene munthuyo azikhala ndi mankhwala amene azimwa.

Chimene chinandifikitsa pa nkhaniyi ndi agogo anga aakazi, obereka amayi. Anaphunzitsa kupulayimale zaka zoposa 30, koma masiku ano amaiwalaiwala. Amafunsa za agogo aamuna amene tinaika m'manda kalekale, ndipo tsiku lina anapatsa mnyamata wogulitsa makala ndalama ya mwezi wathunthu pa thumba limodzi. Abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti khadi ya kubanki, kumene penshoni imalowera, izisungidwa ndi amalume. Kukhoti sikunapite munthu, pepala silinalembedwe. Amalume ndi munthu wabwino ndipo sindikuwanenera zoipa. Koma pa tchuthi ndinamva agogo akupempha K2,000 ya chopereka cha kutchalitchi ngati mwana wopempha ya maswiti. "Ndalama yanga yomwe ndizichita kupempha?" anatero, ndipo patapita kanthawi anaiwala kuti afunsa. Ine funsolo ndinabwerera nalo kusukulu, ndipo ndinayamba kufufuza kuti anthu ena anachita nalo bwanji m'mbuyomu.

Ndinapeza kuti funsoli ndi lakale kwambiri. Malamulo oyamba kulembedwa a Aroma, a cha m'ma 450 Yesu asanabadwe, ankati munthu akazungulira mutu, mphamvu pa iye ndi pa chuma chake zipite kwa abale a kuchimuna. Amenewa anali anthu omwewo amene akanalandira chumacho iye akamwalira, choncho n'zosavuta kuona kuti lamulolo linkadera nkhawa kwambiri katundu wa banja kuposa wodwalayo. Ku England, zaka pafupifupi 700 zapitazo, udindowu unali wa mfumu. Munthu amene wadwala mutu atakula, mfumu inkamusungira minda yake kuti akachira aitengenso. Koma amene anabadwa ndi nzeru zoperewera, mfumu inkatenga phindu la minda yake n'kumangomupatsa zofunika pa moyo. Mu 1540 Mfumu Henry VIII inakhazikitsa khoti loona za anthu osungidwa ndi mfumu, makamaka ana amasiye a eni malo, ndipo udindo wowayang'anira unkagulitsidwa ngati katundu wa pamsika mpaka khotilo linathetsedwa mu 1660. Kuyambira kalelo, chifundo ndi phindu zakhala zikuyendera limodzi pa nkhani imeneyi.

Nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya ku America, m'chigawo cha Oklahoma, zaka 100 zapitazo. Ena mwa inu munaonera filimu ya Martin Scorsese ya 2023 yotchedwa Killers of the Flower Moon, yochokera m'buku la David Grann la 2017 la dzina lomwelo. Anzanga amene ndinaonera nawo anatsala ndi nkhani ya mfuti ndi bomba. Ine ndinatsala ndi chithunzi cha mzimayi wamkulu atakhala kutsogolo kwa desiki ya mzungu, akudzitchula yekha kuti ndi wosatha kuyendetsa zinthu zake asanapemphe ndalama yake yomwe.

A Osage ndi umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America. Kale dziko lawo linali lalikulu, lokhudza madera amene lero ndi Missouri, Arkansas, Kansas ndi Oklahoma. Boma la America linawapanikiza ndi mapangano mpaka anatsala ndi malo ku Kansas, ndipo nakonso atsamunda anayamba kulowerera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 anagulitsa malowo n'kugula maekala pafupifupi 1.5 miliyoni kwa a Cherokee. Anali malo a miyala ndi zitunda, osakopa mlimi, ndipo akuluakulu awo ankayembekeza kuti kumeneko mzungu awasiya. Ife timati chuma chili m'nthaka tikunena za khasu. Kwa iwo chinalidi m'nthaka, koma anali mafuta.

Mu 1906 boma linawakakamiza kugawana malowo aliyense payekha. Atsogoleri a Osage anachenjera pa mfundo imodzi: anaumirira kuti zonse za pansi pa nthaka zikhale za mtundu wonse. Anthu 2,229 amene analembedwa m'kaundula analandira aliyense maekala 657 komanso gawo limodzi la ndalama za mafuta, lotchedwa headright. Gawo limeneli silinkagulitsidwa. Njira yolipezera inali kulandira monga cholowa mwini wake akamwalira. Makampani a mafuta ankapikisana pa okushoni pansi pa mtengo wina mu tauni ya Pawhuska, ndipo malo amodzi okumbapo ankatha kufika madola oposa 1 miliyoni. Mu 1923 mokha mtunduwu unalandira madola oposa 30 miliyoni. Nyuzipepala zinayamba kulemba kuti poyerekeza ndi chiwerengero chawo, a Osage ndiwo anthu olemera kwambiri padziko lonse.

Nyuzipepala zomwezo zinkalembanso monyoza za magalimoto awo, zovala zawo, ndi azungu amene ankawagwirira ntchito zapakhomo. Pa nthawi yomweyo azungu olemera ndi mafuta ankamanga nyumba ngati za mafumu, ena mpaka kugwa nazo m'ngongole, koma palibe anawaitanira kukhoti kuti akaone ngati mutu ukuyenda bwino. Ndalama ikakhala m'manja mwa munthu amene anthu anazolowera kumuona ali wosauka, kadyedwe kake kalikonse kamaoneka ngati kusakaza.

Kale mu 1908 Nyumba ya Malamulo ya ku America inali itapereka nkhani za chuma cha ana ndi cha akuluakulu otchedwa osatha kudziyang'anira, a mitundu ina ya eni nthaka ku Oklahoma, m'manja mwa makhoti ang'onoang'ono a m'maboma. A Osage nawo anagwera m'dongosolo lofananalo, ndipo mu 1921 lamulo linakhwimitsidwa. Munthu amene analibe satifiketi yosonyeza kuti amatha kuyendetsa zinthu zake ankaloledwa kulandira madola 1,000 okha pa miyezi itatu iliyonse, ngakhale ndalama yake itachuluka bwanji. Pochita kuyeza kuti ndani akutha ndipo ndani sakutha, chimene chinkalemera kwambiri pa sikelo chinali magazi. Amene makolo ake onse anali a Osage kawirikawiri ankapatsidwa gadiyani, pamene wa magazi osakanikirana ndi achizungu nthawi zambiri ankasiyidwa. Dokotala sankafunika kupeza matenda aliwonse. Anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga, olankhula zilankhulo ziwiri, ngakhale ena amene anakamenyera America nkhondo yoyamba ya padziko lonse, analembedwa m'mabuku a khoti kuti ndi osatha.

Magadiyaniwo anali anthu olemekezeka a m'matauni a m'deralo: maloya, eni masitolo, a mabanki, alimi a ng'ombe ndi andale. Malipiro awo ankachokera m'thumba la munthu yemwe akumuyang'anirayo, ndipo gadiyani mmodzi ankatha kukhala ndi anthu angapo. Oweruza amene ankawasankha anali ochita kuvoteredwa, ndiye udindo wa ugadiyani unasanduka njira yothokozera amene anathandiza pa kampeni. Kuba kwake kunalibe phokoso. Gadiyani ankalamula kuti munthu wake azigula kusitolo yakutiyakuti, kumene mitengo inali yokwezedwa dala, iye n'kumalandirako kangachepe. Wina anagula galimoto pa madola 250 n'kuigulitsa kwa munthu amene ankamuyang'anira pa madola 1,250. Ena ankamana munthu ndalama yake kenaka n'kumukongoza ina ya katapira. Kafukufuku wa boma wa nthawi imeneyo anayerekeza kuti pofika 1924 magadiyani anali ataba madola osachepera 8 miliyoni m'maakaunti a anthu a Osage. Zonsezi zinali ndi malisiti ndi chidindo cha khoti.

Mu 1924 momwemo anthu atatu, mmodzi wa iwo mlembi wa mtundu wa Dakota dzina lake Gertrude Bonnin, wodziwikanso kuti Zitkala-Ša, anatulutsa lipoti lotchedwa Oklahoma's Poor Rich Indians. Linafotokoza mmene makhoti a m'maboma, maloya ndi magadiyani ankagwirizanirana podya chuma cha eni nthaka, makamaka amayi ndi ana amasiye. Linasonyeza kuti munthu ankayamba kuoneka wosatha kudziyang'anira pa tsiku limene mafuta apezeka pa malo ake. Asanalemere palibe ankalabadira ngati wadya kapena wagona ndi njala.

Mollie Burkhart, amene filimu ija yatsamira pa moyo wake, anabadwa mu 1886. Anaphunzira pa sukulu ya Akatolika, ankalankhula Chingelezi ndi chilankhulo cha makolo ake, ankasamalira amayi ake okalamba ndi kulera ana, koma m'mabuku anali wosatha. Mu 1917 anakwatiwa ndi mzungu dzina lake Ernest Burkhart, mphwake wa William Hale, mlimi wa ng'ombe wolemera amene ankadzionetsa ngati bwenzi la a Osage. Mu 1918 mchemwali wake Minnie anamwalira ndi matenda osadziwika bwino. Mu Meyi 1921 mchemwali wina, Anna Brown, anapezeka ataomberedwa m'mutu. Patangopita miyezi iwiri amayi awo a Lizzie anamwalira, ndipo ambiri ankakayikira poizoni. Mu Marichi 1923 nyumba ya Rita, mchemwali womaliza, inaphulitsidwa usiku mu tauni ya Fairfax, ndipo Rita, mwamuna wake Bill Smith ndi mtsikana wantchito anafa. Maliro aliwonse ankakankhira magawo a mafuta kwa Mollie, ndipo pafupi ndi Mollie panali Ernest, kumbuyo kwa Ernest kuli amalume ake.

Apolisi a m'deralo analephera, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa anali m'thumba mwa Hale. Loya W. W. Vaughan, amene anali atasonkhanitsa umboni, anapezeka atafa m'mbali mwa njanji mu 1923. Pomaliza bungwe lofufuza milandu la boma lalikulu, limene pambuyo pake linadzatchedwa FBI, linatumiza gulu lotsogozedwa ndi Tom White mu 1925. Mu 1926 Ernest anavomera mlandu wa bomba lija, ndipo Hale anapezeka wolakwa pa imfa ya Henry Roan, wachibale wa banjali amene anaomberedwa mu 1923. Onse analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, ngakhale Hale anatulutsidwa mu 1947. Chiwerengero cha boma chinali cha anthu 24 ophedwa, koma ofufuza mbiri amakhulupirira kuti anali ochuluka kwambiri, ndipo milandu yambiri sinafufuzidwe n'komwe. David Grann atawerenga kaundula wakale wa magadiyani anapeza mayina ambiri a anthu oyang'aniridwa ali ndi mawu amodzi pambali pake osonyeza kuti anamwalira, nthawi zina angapo pansi pa gadiyani mmodzi.

Apa ndiyenera kusamala. Amene anapha banja la Mollie anadzera pa ukwati ndi cholowa, ndipo sindikunena kuti gadiyani aliyense anali chigawenga. Chimene ndikuona n'chakuti dongosolo la ugadiyani ndi limene linakonza bwalo. Lamulo litanena kuti mawu a anthu awa pa chuma chawo alibe mphamvu, tauni yonse inaphunzira kuti mawu awo alibe mphamvu pa china chilichonse. Munthu amene khoti lamutcha wosatha akadandaula kuti akuberedwa, akadandaula kwa yani? Woweruza ndi amene anasankha wakubayo, loya amalipidwa kudzera kwa wakubayo, ndipo dandaulo lenilenilo likhoza kuwerengedwa ngati umboni wakuti mutu sukuyenda bwino.

Mu 1925 Nyumba ya Malamulo inasintha zina: inakhwimitsa kayang'aniridwe ka magadiyani, ndipo inaletsa anthu osakhala a magazi a eni nthaka kulandira cholowa cha magawo a mafuta kuchokera kwa a Osage amene theka la magazi awo kapena kuposa linali la mtunduwo. Mollie anasudzula Ernest. Khoti linamubwezera ufulu woyendetsa chuma chake mu 1931, ali ndi zaka 44, ndipo anakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi zokha chifukwa anamwalira mu 1937. Akuluakulu amati mlandu suola: mu 2011 boma la America linavomera kulipira mtundu wa Osage madola 380 miliyoni pothetsa mlandu wa kusayendetsa bwino ndalama zawo zimene linkasunga. Koma amene anapempha chilolezo kuti agule mankhwala otsukira mano ndi ndalama yawo anali atapita kale.

Wina anganene kuti izi zinali za tsankho la kale ndipo zinatha. Tsankho linalipodi, ndipo ndilo linali muzu. Koma chida chimene anagwiritsa ntchito chikadalipo. Ambiri a ife tinakula tikumva nyimbo za Britney Spears. Kuyambira 2008 mpaka Novembala 2021 khoti la ku Los Angeles linaika moyo ndi chuma chake m'manja mwa anthu ena, makamaka bambo ake. Pa zaka 13 zimenezo anatulutsa zimbale ndi kuimba ku Las Vegas kwa zaka zingapo, akupanga ndalama zimene zinkalipira omuyang'anirawo ndi maloya awo, koma analoledwa kusankha yekha loya mu 2021 mokha. Sindikudziika pa mpando wa dokotala wake. Ndikungoona kuti khomo lolowera linatseguka msanga, pamene lotulukira linafuna zaka, makamera ndi anthu ofuula mumsewu. Munthu wamba alibe zimenezo.

Ndiye kodi yankho ndi kuthetseratu ugadiyani? Ndikakumbukira thumba la makala lija ndimalephera kuvomera. Agogo akufunikadi thandizo. Kuwasiyira khadi ndi nambala yake yachinsinsi m'dzina la ufulu kungakhale kuwapereka kwa wakuba woyamba kudutsa pakhomo. Alipo anthu amene ngozi, sitiroko kapena ukalamba zawalanda mphamvu yosankha, ndipo wina ayenera kuwalipirira lendi ndi kuwagulira mankhwala. Mollie analibe vuto lililonse, agogo ali nalo, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Chimene mbiri ya a Osage yandiphunzitsa ndi mafunso oyenera kufunsa munthu asanalandidwe cholembera.

Loyamba ndi lakuti akumuweruza ndani, ndipo pa umboni wanji. A Osage anaweruzidwa ndi mtundu wawo. Kwathu kuno munthu angaweruzidwe ndi imvi, ulumali, kusaphunzira kapena umasiye, ndipo tikudziwa kuti nkhalamba yoiwalaiwala m'midzi ina imatchedwa mfiti isanaonedwe ndi dokotala. Lachiwiri ndi lakuti woyang'anirayo akupindula chiyani, ndipo amaonetsa mabuku kwa yani. Aroma anapereka wodwala kwa odzalandira chuma chake, ndipo ifenso timachita chimodzimodzi popanda kuganiza kawiri, chifukwa wachibale ndiye ali pafupi. Sitinaiwale kuti kulanda katundu wa amayi ndi ana amasiye kunafika poipa mpaka lamulo la chuma cha masiye la 2011 linakutcha mlandu, ndipo olandawo sanali alendo. Lachitatu ndi lakuti mphamvuyo ithera pati. Kulephera kusunga ndalama ya mwezi sikutanthauza kulephera kusankha tchalitchi, ndiwo kapena mdzukulu woti umupatse ya sopo. Lachinayi ndi khomo lotulukira: ndani adzabwere kudzaonanso ngati munthuyo wachira, ndipo liti?

Mayiko ayamba kuyenda njira imeneyi. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala la 2006, limene Malawi inavomereza mu 2009, m'ndime 12 limati anthu olumala ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo mofanana ndi wina aliyense, ndipo udindo wa boma ndi kuwathandiza kugwiritsa ntchito mphamvuyo. Limafunanso kuti njira iliyonse yowathandizira ilemekeze zofuna za mwini wake, ipewe anthu amene ali ndi phindu lawo pa nkhaniyo, ikhale ya nthawi yochepa mmene kungathekere, ndiponso iziunikidwa kawirikawiri ndi bungwe kapena khoti loima palokha. Ndikamawerenga ndimeyi ndimaona ngati mfundo iliyonse ikutseka bowo limene magadiyani a ku Oklahoma anadzerapo.

Enafe tikuphunzira zamalamulo, ena zachipatala, ena zowerengera ndalama. Posachedwa tidzakhala ife kuseri kwa desiki ija, ndipo kumudzi ndife amene tidzapatsidwe makhadi a makolo chifukwa ndife tinapita kusukulu. Magadiyani a ku Pawhuska nawo anali anthu ophunzira a m'dera lawo, opita kutchalitchi Lamlungu, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri ankadziuza kuti akuthandiza.

Pa tchuthi chapitachi ndinalimba mtima n'kulankhula ndi amayi, iwo n'kukalankhula ndi achimwene awo. Ndinkaopa kuti amalume aona ngati mphwawo akuwatcha wakuba, ndipo poyamba nkhope inasinthadi. Koma anavomera, mwina chifukwa nawonso anali atatopa ndi kusenza okha nkhani imene tsiku lina ingadzawatembenukire. Tinagula kope la K1,500. Ndalama ikalowa amalemba, ikatuluka amalemba, ndipo amayi amaona kopelo mwezi ukatha. Tinagwirizananso kuti Loweruka lililonse agogo azipatsidwa ndalama yochepa m'manja popanda kupempha ndiponso popanda kufunsidwa kuti apita nayo kuti. Sabata ina amaiika m'mbale ya chopereka, sabata ina timaipeza yomangidwa pa nsonga ya chitenje ataiwala kuti ilipo.